Mchere wa a Menna

A Idwal Prys anali mmisiri womanga mipanda ya miyala m'mapiri a ku Wales, munthu woumira mawu ngati amachita kugula. Loweruka lililonse ankakwera kudamu kukawedza nsomba zotchedwa trauti. Anthu ankawatama kuti ndi katswiri, koma tinene zoona, ukatswiriwo unali wa akazi awo, a Menna.

A Menna ndiwo ankakonza nyambo. Ankaboola botolo kunsi kwake, kuponyamo nyenyeswa za buledi, n'kuligoneka m'kamtsinje ka kuseri kwa nyumba. Timatemba tikalowamo, ankatiyala pansalu, kutithira mchere, n'kutisanja mumtsuko wagalasi mitu kumodzi. Bamboyo akati athandize, ankalandira khofi padzanja.

"Chokani apa, inu! Zala zanuzo n'za miyala."

Chakudza sichiimba ng'oma. A Menna anagwa pakhomo nyengo yoswa nkhosa, osadzukanso. Ana anabwera kuchokera ku Cardiff, anagawa zovala, nakolopa nyumba mpaka fungo la mayi awo linatheratu. Chimene anaiwala ndi mtsuko uja pawindo, wodzaza. M'nyumba yonseyo, ntchito ya manja a malemuwo imene inatsala inali yokhayo, ndipo Loweruka lililonse inkacheperachepera.

A Idwal anasungulumwa kwabasi. Kunyumba kunali zii, kudamu nako kunali mphepo ndi nkhosa basi. Komabe ankapita, poti kumeneko munthu akakhala chete anthu amati akuwedza.

Tsiku lina a Tegwyn, mnzawo wapaubwana yemwe pakamwa pake sipatsekeka, anawapeza atakhala pamwala.

"Madala, mwezi wathunthu osapha ngakhale imodzi? Kapena nsomba zatopa nayo nkhope yanuyi?"

"Madzi azizira."

"Azizirira inu nokha? Tavuulani tione."

A Idwal anavuula mozengereza. Mbedza inatuluka ili yokhayokha, yopanda nyambo. Pambali pawo panali mtsuko, ndipo pansi pake panagona kansomba kamodzi kouma, koyera ndi mchere. Masabata onsewo bamboyo ankangoviika mbedza, kuopa kumaliza komalizako.

Nthabwala zinawathera a Tegwyn. Anavula chipewa, n'kuchivalanso.

"Achimwene, a Menna akanakuonani, bwenzi atakuthamangitsani ndi tsache. Mayi aja anavutika ndi mchere kuti muzikongoletsera mtsuko?"

Sanadikire yankho. Anatsetsereka, kuwasiya okha.

A Idwal anakhala mpaka mvula yowaza inawanyowetsa mapewa. Kenako anatsegula mtsuko. Ndi zala za miyala zija anakoleka kansombako momwe ankaphunzitsidwira mokalipidwa, mbedza kulowera kukamwa. Anaponya kufupi ndi khoma la damu, n'kumakoka pang'onopang'ono, mtima ukupempha kuti nsomba zisakaone.

Koma imodzi inakaona. Chingwe chinati thi! Atalimbana nayo, anaitulutsa trauti yonenepa, yamawangamawanga ofiira. Nyambo inali itamezedwa. Sanakondwe ngakhale pang'ono. Anagwada pamiyalapo nalira ngati mwana, zimene sanachite ngakhale kumanda.

Madzulo anaikazinga m'batala. Dzanja linapita lokha pa kabotolo ka mchere, koma linaima m'malere. Anayang'ana mpando wa a Menna, kutsidya kwa tebulo.

"Mwathira kale inu," anatero.

Nsombayo inali yosakolera mchere. Anaidya yonse, mosafulumira, mtsuko wopanda kanthu uli pambali pa mbale.