Atsekera apongozi anga m'tenti chifukwa cha ulemu wanga

Kiliniki yakwathu kuno ku Makokoba yandichititsa manyazi lero, ndipo sindikhala chete ayi.

Analengeza okha kuti ayambanso kuona odwala BP ndi shuga, korona kapena ayi. Apongozi anga aNaphiri mankhwala a BP anawathera kalekale. Mapazi atupa moti akuvala nsapato za malemu amuna awo. Mkazi wanga ali ku Joni, malire ngotseka. Wowaperekeza ndani? Ine mkamwini. Ndinapempha tchuthi kuntchito ku mafakitale a ku Kelvin, m'mamawa ulendo.

Amene munaleredwa mukudziwa kuti mkamwini sayenda phewa ndi phewa ndi apongozi. Iwo patsogolo, ine kumbuyo, patali ndithu. Akafuna kundiuza kanthu ndimanyonyomala, nkhope kumbali. Basitu, mlandu wanga ndi umenewo.

Pageti panali mlonda, kamfuti koyezera kutentha thupi kali m'manja. Anatiyang'ana, iwo uko ine uku, n'kundifunsa m'Chindebele kuti gogoyu ndikumuopa chifukwa chiyani. Ndinati sindikuopa, ndi apongozi anga, ndi mwambo. Akuti mwambo umenewo unatha, munthu wothawa m'bale wake chonchi ndiye kuti akudziwa kanthu. Kamfuti kanaonetsa kuti thupi lawo lili bwinobwino. Iye akuti mabatire afooka. Ine kandiyeza, akuti pamenepo kakugwira ntchito. Mabatire osankha anthu munawaonapo?

Posakhalitsa kunatulukira nesi atadzikutira thupi lonse ngati wofula njuchi. Apongozi aja, amene anangobwerera timapiritsi tawo, anawalowetsa m'tenti ya oganiziridwa korona. Mzere wonse unabalalika. Mayi wina mpaka anataya thumba la mapeyala.

Ndinachonderera. Nesi akuti ngati ndikunena zoona ndikakhale nawo pabenchi aone. Abale inu! Chikwatire ine sindinakhalepo mpando umodzi ndi mayi amenewa. Koma mankhwala ndi mankhwala. Ndinalowa, ndinakhala, thukuta kamukamu. Apongozi ndi manyazi anadzifunda chitenje kumutu, pamwamba pa masiki. Nesi akuti mwaona, akubisa chifuwa. Nthawi yomweyo mlonda uja anasuzumira n'kukuwa kuti titalikirane mita imodzi, kodi malamulo sitikuwadziwa?

Ndikatalikira, ndikubisa matenda. Ndikayandikira, ndikuswa lamulo. Mumafuna ndiziuluka?

Anawatokosa m'mphuno ndi kathonje, misozi chuchuchu. Tinadikira mpaka dzuwa pamutu. Zotsatira: alibe korona. Zikomo kwambiri, madokotala anzeru, ife sitimadziwa! Ndinathamangira pawindo la mankhwala, ndinapeza lotseka. Akuti ikakwana 12 koloko amatseka kuti apopere mankhwala ophera tizilombo. Mtsikana wa mkatimo, osadzutsa n'komwe mutu pafoni, anangoti “Buyani kusasa,” kutanthauza kuti tibwere mawa. BP yomwe tinabwerera palibe anaiyeza. Munthu wa BP mwamuopseza ndi tenti m'mawa wonse, ndiye mukuti itsika yokha?

Choipitsitsa n'chakuti pokhala pabenchi paja mapazi a apongozi anawonjezera kutupa. Ataimirira anangokhalanso pansi. Makombi, maminibasi akuno, sakuyenda. Wilibala ndikanaipeza kuti? Ndinayang'ana kumwamba, ndinapepesa makolo onse a kwa Phiri, n'kugwada.

Inde, ndinawabereka. Ine, mkamwini wa ndevu zanga, apongozi kumsana, nsapato za malemu m'manja, kudutsa pa bhawa, malo omwera mowa, pomwe anyamata osowa chochita amakhala panja ngakhale potseka. Malikhweru ake! Wina akuti mkhwenyana, ndiye kuti mkamwini, wa chaka chino ndi ameneyu, amupatse mkazi wachiwiri. Ndinangoluma mano.

Titatsala pang'ono kufika, apongozi anandinong'oneza kukhutu: “Pepani bambo, ndakulemerani.”

Apa ndiye mtima unandiwawa zenizeni. Mayi wokalamba, wodwala, wosalakwa kanthu, akupepesa ine. Inu amene munawatsekera m'tenti n'kuwabweza chimanjamanja, kupepesa kwanu kuli kuti?

Akuluakulu a kiliniki, kudziteteza ku korona sitikukana, masiki tikuvala, m'manja tikusamba mpaka khungu kuyera. Koma munatsegulira odwala kapena munatsegulira mlonda? Mawa m'mamawa ndiwaberekanso mpaka pawindo lanulo, ndipo sinditsitsa munthu pansi mapiritsi asanafike m'manja mwawo.