Gitala Wanga Anapita Kuchikamwini

Nkhondo itatha, pobwerera ku Zobue, anzathu ankasenza malata ndi mapoto kuchokera ku Malawi. Ine ndinasenza gitala wamagetsi. Anali wa akulu anga, omwe tinawasiya m'manda pafupi ndi msasa wa othawa nkhondo. Anamugula kwa woyendetsa lole wina, koma mpaka kumwalira sanamumvepo akulira mokweza, poti chokuzira mawu tinalibe. Gitala wamagetsi wopanda chokuzira amangolira ngati udzudzu.

Tinali ndi kagulu koyimba m'maukwati. Magitala amagetsi tinali nawo awiri, wanga ndi wa mlamu wanga, onse onong'ona. Anthu akayamba kuvina, ife tinkangooneka manja akuyenda.

Kenaka ndinamva kuti ku Moatize kuli mkulu wina, yemwe kale ankakonza magetsi kumgodi wa malasha, ali ndi chokuzira chakale cha mababu ndipo akufuna kusinthanitsa ndi gitala. Mutu unkati magitala awiri osamveka n'ngachiyani, bola mmodzi womveka. Mtima unkakana. Mayi a kunyumba atatopa nane anati, "Bambo, gitalayo mwamupukuta kanayi lero lokha. Pitani mukaone, ife tipumeko."

Ndinakwera kaminibasi kaja timati chapa, gitala ali pamiyendo. Mkuluyo anatulutsa chibokosi cholemera ngati thumba la chimanga, kumbuyo kwake kuli mababu anayi agalasi. Atalumikiza, ndinakhudza nsambo. Zii. Ine mtima wanga ndi wapachala, ndinali nditayamba kale kukulunga chingwe.

"Khala pansi, mwanawe," anatero mkuluyo. "Mavalivula amenewa ayambe atentha. Kodi iwe umangodzuka n'kuyamba kuyimba?"

Mababu anafiira pang'onopang'ono. Nditakhudzanso nsambo, panatuluka mawu onenepa, ofunda, mpaka mbale za m'kabati zinanjenjemera. Ndinayimba nyimbo imene akulu anga ankaikonda, ndipo ndinalira, sindibisa. Zaka zonsezo gitalayu anali ndi mawu otere, mwini wake osawamva.

Ndinavomera kusinthana. Gulu lathu likanamveka tsopano. Ndiyeno ndinafunsa kuti mawaya a bateriya alowera pati, chifukwa kwathu chilichonse, wailesi ndi nyale yomwe, chinkayendera bateriya ya lole. Mkuluyo anaseka mpaka kutsokomola.

"Ichi chimadya magetsi a pakhoma. Kwanu aliko?"

Kunalibe. Ndikanavutika nalo bokosilo ulendo wonse wokwera mapiri, n'kukaliika pakona kuti alendo azikhalira, gitala wa akulu anga atapita. Mkuluyo akanatha kungokhala chete ine n'kunyamuka, koma sanatero.

Anayang'ana gitala, n'kuyang'ana bokosi. "Awiriwa akondana, tisawalekanitse. Kwanu kumtunda si mwamuna amakakhala kwa mkazi? Gitala akhale wako ndithu, koma azigona kuno. Ine ndizimugwirako pakati pa sabata."

Ndinafika kunyumba chimanjamanja. Mayi a kunyumba anandiyang'ana kumsana, anayang'ana kumsewu, n'kufunsa kuti nanga katundu ali kuti.

"Gitala wapita kuchikamwini," ndinatero.

"Azikalima bwino, asatichititse manyazi," anayankha.

Mlamu wanga anandinyanyalira mwezi wathunthu, ndipo m'maukwati a ku Zobue tinapitiriza kuoneka manja okha. Koma Loweruka lililonse ndikapeza ya chapa ndinkatsikira ku Moatize kukazonda mkamwini. Tinkakhala pansi ndi mkulu uja kudikira mababu afiire, ine wosaleza mtima ndili phee. Nyimbo yoyamba nthawi zonse inkakhala ya akulu anga.