Mayi Fizikisi a M'kachipinda ka Kuseri kwa Tchalitchi

M'parishi muno mwadutsa anthu ambiri oopa Mulungu, koma amene atisiya kukamwa kuli yasa ndi mayi ena ochepa thupi, a manja otuwa ndi choko, amene ana asukulu anawatcha Mayi Fizikisi.

Anakulira kuseri kwa shopu ya bambo awo, okonza njinga. Ali kamtsikana ankavutitsa ndi funso limodzi: bwanji njinga yoyenda siigwa, pomwe yoima imagwa? Bambo awo atatopa anati, "Kafunse Mulungu, mwini zinthu." Kamwanako sikanaone ngati nthabwala. Kuchokera pamenepo, buku la sayansi ndi buku la mapemphero ankazitsegula ndi ulemu wofanana.

Mwayi wopita kuyunivesite unawapeza chaka chimene bambo awo anatisiya. Anaukana osadandaula, nayamba kuphunzitsa kusekondale kuti alere azing'ono awo. M'kalasi anali ndi lamulo lawo: usanakhudze fomula, jambula kaye zimene funso likunena, ndipo ukapeza yankho, lifunse ngati lingachitike. Tsiku lina wophunzira wina anapeza kuti njinga ya m'funso ikuthamanga kuposa ndege.

"Mwanawe," anatero Mayi, "wokwera njinga yakoyi akadali moyo? Mulungu sanalenge chisawawa. Bwerera ukaone pomwe wamunamizira."

Atapuma pantchito anapempha Bambo Mfumu kachipinda kosungira mabenchi othyoka. Anakasesa, napachika bolodi, n'kuitana onse amene fizikisi inawagwetsa pamayeso: alonda, ogulitsa mumsika, amayi a khanda kumsana. Pobwereza mayeso akale, chotsekera cha ndowa chinkasanduka gudumu, tsache n'kukhala chotukulira katundu. Kenaka maso a Mayi anayamba kuchita chifunga mpaka anazimiratu. Ife tinati basi zatha. Iwo anangoseka, amvekere, "Ndaphunzitsa za kuwala mpaka kwatopa nane." Ophunzira ankawerenga funso mokweza, iwo n'kumalijambula ndi chala patebulo, ndipo wina akaphonya ankamumva msanga kuposa ife openya. Kunena zoona, tinkachita nazo mantha.

Koma munga unali m'nyumba mwawo momwe. Ankalera mtsikana wamasiye, mwana wa mlongo wawo, amene ankafunitsitsa unamwino, koma fizikisi inamugwetsa kawiri. Nzeru anali nazo, vuto linali mtima. Sankatha mzere umodzi osatembenuka kufunsa, "Azakhali, ndalondola?" M'chipinda cha mayeso, mopanda womuyankha, mutu unkangoti balala. Analumbira kuti akalephera kachitatu, za sukulu azisiya.

Mayi anadziona kuti chifundo chawo ndicho chinamulemalitsa mwanayo, ndipo chaka chimenecho analeka kumuyankha. Mtsikanayo analira, nati azakhali auma mtima, ena onse amawathandiza koma magazi awo omwe ayi. Mawuwa anawalasa kwambiri, koma anangofinya kolona m'manja.

Mayeso atayandikira, Mayi anagwa m'matenda. M'mawa wa tsiku la fizikisi mpweya wawo unali wapatalipatali, ndipo mtsikanayo anavula nsapato n'kukhala pamphepete pa bedi.

"Sindipita, azakhali. Ndikusiyani bwanji chonchi?"

"Ukakhala pano ndiye undichiza? Unamwinowo sunauyambe n'komwe, wayamba kale kulondera odwala. Vala nsapato."

"Nanga ndikakakamira pafunso?"

"Ukakamire. Amene anakupatsa mutuwo akakhala pomwepo."

Anamudalitsa pachipumi, ndipo mtsikanayo anatuluka akupukuta misozi. Phazi lake litangozimirira, Mayi anaitanitsa Bambo Mfumu nalandira masakramenti. Kenaka anagwira dzanja la mnansi wawo, mayi wosoka zovala amene ankawadwazika.

"Achemwali, zikachitika musalire mokweza, ndipo musatume munthu kusukulu mpaka mapepala atatoledwa. Mwanayu amalize."

Mayi anatisiya dzuwa lili paliwombo, mwakachetechete, milomo ikugwedera pang'onopang'ono. Kaya linali pemphero kaya samu, wosoka zovalayo sanathe kusiyanitsa. Ndipo amayi a mumpingo, amene maliro sawabisa, anameza kulira kwawo n'kukhala duu pakhonde kufikira nthawi itakwana. Zoterezi sitinazionepo.

Mtsikanayo atafika n'kuona anthu pakhonde, anadziwa. Sanakuwe. Analowa, nagwada pambali pa bedi, n'kuyamba kuwafotokozera azakhali ake pepala lonse, funso ndi funso, la magalasi, la magetsi, la mwala wogwa kuchokera padenga. Palibe anamuletsa, ngakhale Bambo Mfumu anangoima chilili pakhomo.

"Lomaliza linandivuta, azakhali," anatero. "Ndinatembenuka, inu kulibe. Ndiye ndinalemba ndekha."

Apo m'pamene analira, ndipo khonde lonse linalira naye.

Zotsatira zitatuluka mtsikanayo anali atakhoza, ndipo lero ndi namwino. Ife otsala timapemphera kuti mzimu wa Mayi uuse mumtendere, ndi kuti Mulungu atiphunzitse kukonda ana athu mpaka atatha kuima popanda ife.