Matayala a Alamu Anga

Alamu anga a Ayub, a kwa Maganga, sataya tayala. La galimoto likatha amadulamo nsapato, machubu amachekamo malegeni, lotsala amalikweza padenga kuti mwera usasasule malata. Kuseli kwa nyumba kunali mulu wotalika kuposa khola la mbuzi. Akazi awo a Habiba, amene ndi akulu anga, akhala akulalata za muluwo chikwatiraneni. Mwini wake amangoseka: "Chuma chimenecho, mayi."

Dzinja lapitali a Habiba anadwala. Thupi moto, mutu kuwawira kumbuyo kwa maso, mafupa ngati awasinja mumtondo. Kuchipatala atawayeza, malungo sanapezeke.

"Akanalowera pati malungo?" anatero alamu, monyadira ndithu. "Kwathu ngakhale mphaka amagona m'neti."

Thupi litazizira tinati basi achira, alamu mpaka kukagula chambo. Ayi ndithu! Madzulo ake nkhama zinayamba kutuluka magazi, mimba kupota, munthu wolongolola uja zii. Ine mantha anandigwira, ndinaona ngati achemwali anga akupita.

Tinathamangira nawo kuchipatala konkuja. Adokotala, akuwaika diripi, anati akuganizira matenda otchedwa dengi. Kachilombo kake akuti kamayamba kagonetsa tulo asilikali a m'thupi n'kumaswana mwakachetechete, ndipo nthawi yoopsa ndi yomwe thupi lazizirayo. Udzudzu wake ndi wamawangamawanga, umaluma masana dzuwa likuswa mtengo, neti ili chipachikire.

"Umaswana m'madzi a mvula odikha," anatero adokotalawo. "M'zitini, m'miphika yosweka. Matayala akale muli nawo pakhomo?"

Ine ndinangowayang'ana alamu. Diso langa linanena zonse.

Tsiku lomwelo a Ayub anakwera padenga ndi chitsulo chamoto. Tayala lililonse analiboola, madzi obiriwira akuchucha ndi tizilombo tovinavina. Mulu wonse anaugwetsa, misozi ili mbwembwembwe, bambo wa ndevu zaimvi.

A Habiba anatuluka m'chipatala ataonda, akuyenda mogwirira. Atafika pakhomo anaima, nayang'ana matayala ali mbwee bwalo lonse.

"Inu a Ayub! Ndangochokapo pang'ono, pakhomo mwapasandutsa dzala? Ndidutsa pati ine?"

Alamu anakhala pansi pomwepo, manja kumutu, akuseka ndi kulira pamodzi.

"Alhamdulillah," anatero. "Lalatani, mayi. Lalataninso."