Mbewu ya Kathamanga ku Kanyama

Mvula ikayamba ku Kanyama, komboni ya mu Lusaka, madzi sachoka msanga. Pansi pali mwala, ndipo madzi amangokhala pamwamba pake, m'misewu, m'makhonde, nthawi zina mpaka m'nyumba. Anthu amayala njerwa zopondapo kuyambira pakhomo mpaka kumsewu. Mayi Marjory Njobvu, amene anansi amawatcha amake Tiza, akhala akuponda njerwa zoterezi chichokereni kwawo ku Katete ali mtsikana. Anabwera kutsatira amuna awo, mmisiri womanga nyumba. Amunawo anamwalira Tiza asanamalize sukulu, ndipo iwo anatsala m'chipinda cha lendi, akukazinga vitumbuwa m'mawa uliwonse ndi kukagulitsa pamphambano pamene amakwerera mabasi.

Khasu sanalitaye. Kumapeto kwa komboni, kumene amayi amaswa miyala, munthu wina wa kutchalitchi anawabwereka kamunda pakati pa maenje. Kamundako n'konyowa, choncho amaunda mizere italiitali ngati ya mbatata. Pamenepo amabzala chimanga chimene amayi awo anawamangira m'kansalu tsiku limene ankanyamuka kumudzi. Kubanja kwawo amachitcha kathamanga, chifukwa chimacha anzake akadali ndi ngayaye. Ngala zake n'zazifupi, njere zolimba, zina zoyera, zina zofiirira ngati dothi la pachulu.

Masika aliwonse ankasankha ngala zabwino, kuzimanga ziwiriziwiri ndi makoko ake omwe, n'kuzipachika pamwamba pa moto. Kuseri kwa nyumba kunali chisakasa cha malata akale chimene ankakazingiramo vitumbuwa, akusonkheza zidutswa za matabwa zotola kwa akalipentala. Ngalazo zinkada bii ndi mwaye, ndipo Novembala akafika zinkamera zonse.

Kenaka chinafika chaka chimene mvula inadula pakati pa dzinja. Mitambo inkasonkhana masana, madzulo n'kubalalika. Chimanga cha anthu chinapota masamba, n'kuuma chili chiimire. Koma ku Kanyama madzi aja amene anthu amawatukwana chaka ndi chaka anali akadali pafupi, pansi pa mizere ya amake Tiza. Kathamanga anacha. Sanali wambiri, koma anacha.

M'masika omwewo eni nyumba, ba Chewe, anagwetsa chisakasa chija kuti amangepo chipinda china cha lendi. Amake Tiza sanakangane nawo. Anayamba kukazingira pa mbaula, m'nyumba, pakona ya kukhomo. Ngala za mbewu anazipachika pamsomali pamwamba pa konayo. Manja awo anachita zimene anazolowera: mbewu imakhala pamwamba pa moto.

M'nyengo yachisanu mlongo wawo wamng'ono, Enos, anaimba foni kuchokera kumudzi.

"Asisi, kuno kwatha. Tinabzala, chinapsa. Tinabwerezanso, chinapsanso. Chotsala ana anadya phala. Ndafunsa kwa amalume, ndafunsa kutsidya, kathamanga palibe amene ali naye."

"Nanga ya kusitolo?"

"Ya kusitolo ikufuna fetereza, ndipo chaka chamawa mugulenso. Ine ndikufunsa ya amayi. Muli nayo?"

Anamuyankha pomutchula ndi mfunda wawo. "Ndili nayo, Njobvu. Ikundiyang'ana pano. Ndidzatumiza kukayamba kutentha."

Anaika foni pansi mtima uli m'malo. Kwa zaka zambiri anthu akumudzi ndiwo ankawatumizira nthochi, nsinjiro ndi nkhuku pa basi. Tsopano chinthu chinali choti chichoke m'tauni kupita kumudzi.

Mphepo ya Ogasiti inadutsa ndi fumbi lake. Kutayamba kutentha, m'mawa wina atamaliza malonda, anakwera pampando kuti atsitse ngalazo. Atangozigwira, ufa unawathira kumaso. Anasenda ngala imodzi. Njere zinali zibowo zokhazokha, ndipo anankafumbwe ankayenda pakati pake mosafulumira, ngati pakhomo pawo.

Mnansi wawo, ba Judith, amene amagulitsa tomato ndi repu pakhonde lake, anawapeza atakhala pansi, ngala zili pamiyendo.

"Amake Tiza, ni chani? Kuli malilo?"

"Onani."

Ba Judith anatenga ngala imodzi, anaigwedeza, ufa n'kugwa. Anayang'ana msomali, anayang'ana makala a pa mbaula, opanda utsi.

"Imwe naimwe! Malasha yali na chushi? Vidoyo vimayopa utsi, osati kutentha. Apa munavipasa chabe nyumba yofunda, yosalipila na lendi."

Amake Tiza sanaseke. Ankadziwa kuyambira ali mwana kuti utsi ndiwo umasunga mbewu. Koma moto unalipo, kona inalipo, ndipo pakhoma loyera lopanda mwaye sanaganizepo kanthu.

"Nizamuuza chani Enos?"

"Musamuuze vilivonse pakali pano. Mangani vonse mu chitenge. Mailo tiyende ku gulu."

Gulu limene ba Judith ankanena limakumana pabwalo la tchalitchi china. Analiyambitsa ndi bungwe laling'ono losachita malonda, limene limagwira ntchito ndi alimi ozungulira Lusaka ndi amayi a m'makomboni. Limaphunzitsa kubzala ndiwo m'masaka kuti madzi osefukira asazifike, kufutsa masamba a m'dzinja, ndi kusunga mbewu zamakolo m'nyumba imodzi kumene mlimi aliyense angathe kukatenga. Ba Judith anali ataitanapo amake Tiza kangapo. Iwo ankakana. Ankati mabungwe amabwera, amakujambula utagwira khasu, n'kupita.

M'mawa mwake anapita, atanyamula kamtolo kawo ngati kamwana kodwala. Anawalandira ndi mtsikana wa bungwelo, dzina lake Inonge, wochokera kumadzulo kwa dziko, amene Chinyanja chake chinali cha m'misewu ya Lusaka. Sanatulutse foni. Anayala saka pansi, anagwada, n'kuyamba kutonola ngala ndi chala chachikulu.

"Ba mayo, musataye mtima. Vidoyo sivisiliza vonse. Tiyeni tione vamene vasala."

Amayi ena a gululo anabwera ndi lichero ndi beseni la madzi. Anapeta, ufa ndi tizilombo n'kupita ndi mphepo. Anathira njere m'madzi. Zambiri zinayandama, ndipo anaziyengula kukapatsa nkhuku za abusa. Zimene zinamira anaziyanika pamthunzi, n'kuzisankhanso imodziimodzi, akuyang'ana pamtima pa njere ngati pali bowo. Zotsala zinadzaza kapu ya tiyi, osasefukira.

Inonge anatapa pang'ono, anazikulunga m'kasaka konyowa, n'kuuza amake Tiza kuti azikawaza madzi kunyumba. Sabata isanathe, zambiri zinatulutsa timizu toyera. Mbewu inali yamoyo.

"Manje mverani," anatero Inonge, amake Tiza atabwerera ku gulu. "Mukatuma kapu iyi ku Katete, ba Enos bazashanga mizele ingati? Mvula ikachita monga chaka chatha, ninshi yasila. Koma kuli ba Norah ku Chongwe. Bali na dimba, na pampu ya dzuwa yamene tinabathandiza. Tikashanga manje, mu Disemba muzakolola thumba. Elo nthawi ino kulibe milisi ina yamene ili na ngayaye pafupi, so siizasakanizika."

"Ba Norah ni bandani kuli ine?"

"Ni mlimi chabe. Bazasungako pang'ono, na ise tizasungako ku nyumba ya mbeu. Yambiri ni yanu."

Amake Tiza anatenga mbewu yawo n'kubwerera kunyumba. Kwawo mbewu ya banja siipita kwa mlendo abale asanabzale. Munthu amatha kupempha, inde, ndipo amapatsidwa, koma pambuyo, nkhokwe ya pakhomo itadzaza. Kapu yonse, yomaliza, kukaipereka kwa mayi amene sadziwa ngakhale mfunda wake, chinali chinthu chimene amayi awo sakanachimva.

Madzulo ake anaimbira Enos n'kumuuza zonse, za chisakasa, za mbaula, za kapu.

"Asisi, mwakhalitsa m'tauni," anatero Enos. "Mbewu pa makala?"

"Ndamva kale zimenezo kwa anzanga. Nena zina."

"Tumizani yomweyo. Ndibzala kuseri kwa khola, ndizithirira ndi ndowa."

"Madzi ake ati? Si iwe unati chitsime chauma, mukukatunga kudambo?"

Kumbuyo kwa Enos kunkamveka mbuzi.

"Ndiye mupatse anthu osawadziwa? Akakakolola n'kunena kuti mbalame zinadya? Amalume ndiwauza chiyani?"

"Uwauze kuti ndikabzala ndi manja anga. Munda ndi wa eni, koma dzanja ndi la kwathu."

"Mvula ikagwa Novembala ine ndidzakhala ndikuyang'ana anzanga akubzala."

"Lima, undire mizere, udikire. Dzina lake waliiwala? Amathamanga."

Enos anadula foni osatsanzika.

Anapita ku Chongwe ndi Inonge pa basi yaing'ono, kapu ya mbewu itathiridwa m'botolo, botolo lili pachifuwa. Tchire linali louma, mitengo ina itayamba kale kuphuka masamba ofiira poyembekeza mvula. Ba Norah anali mayi wamtali, wosalankhula zambiri. Anawaonetsa malo amene anakonza kumapeto kwa dimba, atathiramo manyowa a ng'ombe. Anapempha kuona mbewuyo, anaika njere zingapo pachikhatho, n'kuluma imodzi.

"Yakosa," anatero. "Yabwino ku samp." Ankanena chimanga chokonola chophika.

"Musadye yambiri, mayi, ni yowerengeka," anatero amake Tiza, ndipo onse anaseka koyamba.

Anabzala okha, njere imodzi paphando, akufotsera ndi chidendene. Ba Norah ankabwera pambuyo ndi paipi. Pobwerera botolo linali lopanda kanthu.

Okutobala anatentha monga amatenthera. Ku Kanyama magetsi ankazima tsiku lonse, mtengo wa ufa unakwera, ndipo anthu ankagula vitumbuwa ziwiri m'malo mwa zinayi. Amake Tiza anayamba kupita ku gulu Lachinayi lililonse, poyamba kuti akamve za dimba, kenaka chifukwa anazolowera. Anaphunzira kusunga mbewu m'botolo lotseka bwino, yosakaniza ndi phulusa losefa. Iwonso anaonetsa amayi obadwira m'tauni kafutsidwe ka chibwabwa kuti chisade. Pakhomo pawo panaima masaka awiri a repu.

Kawiri anasiya malonda m'manja mwa Tiza n'kupita ku Chongwe. Ulendo woyamba anapeza mbozi zitalowa m'mitima ya chimanga, ndipo iwo ndi ba Norah anayenda mzere ndi mzere akuzitola ndi zala, n'kuthira dothi ndi phulusa m'mitimamo. Ulendo wachiwiri anapeza ngayaye zitatuluka, ndevu zikufiira. Anaima pakati pa mizere nthawi yaitali. Fungo lake linali la munda wa kwawo.

Enos sanaimbe. Mvula yoyamba itagwa kumudzi anangotumiza mawu kudzera kwa Tiza akuti anthu abzala.

Kathamanga anacha mu Disembala, mvula ili pakati. Kuumitsa ndiko kunavuta. Anasenda ngala zonse n'kuziyala m'kanyumba ka pulasitiki kamene bungwe linamangira alimi a kumeneko kuti aziumitsiramo ndiwo, ndipo ankazitembenuza dzuwa likangotuluka. Zina zinachita nkhungu, anazitaya. Zouma bwino anatonola. Ba Norah anatsala ndi mbale imodzi, Inonge anatenga ina kupita nayo ku nyumba ya mbewu, amake Tiza anasungako ya kamunda kawo. Yotsalayo anaisokera m'thumba la ufa, n'kukaipereka kwa kondakitala wa basi ya kum'mawa Khirisimasi itangopita.

Ku Kanyama madzi anali atabwerera m'misewu. Amake Tiza ankakazinga vitumbuwa mbaula ataikweza pa njerwa, foni ili m'thumba la epuloni. Masiku anapita. Ankadziwa kuti chimanga cha anthu kumudzi chafika kale m'mawondo, ndipo ankadzifunsa ngati mlongo wawo anadikiradi, kapena anabzala china m'mizere ija.

Foni inalira m'mawa wina mafuta ali pamoto.

"Asisi."

"Njobvu. Mwadzuka?"

"Tadzuka. Thumba lija linafika. Kondakitala anafuna kundidyera ya pamwamba, ati ndi katundu wolemera."

"Nanga munabzala?"

"Tinabzala tsiku lomwelo, ine ndi alamu anu. Anthu amatiseka, ati Enos wayamba kulima kalendala ya ku Lusaka."

"Enos, ndikupsereza malonda kuno. Chamera kapena ayi?"

"Chamera. Mizere yonse. Pena ndi pena pali mipata, koma ndi nkhwali zimenezo, si mbewu. Amalume abwera dzulo kudzaona, atenganso pang'ono yotsala."

Amake Tiza anatembenuza vitumbuwa zimene zinayamba kuda mbali imodzi.

"Muli pomwepo, asisi?"

"Ndilipo."

"Mayi aja a ku Chongwe. Mwati dzina lawo ndani?"

"Ba Norah."

"Nkhuku amadya?"

"Amadya."

"Ndiye muuze Tiza akadikire basi Loweruka. Ndi tambala, asachedwe naye padzuwa."