Mwana Wanga Anabadwa Ndili Mumsewu Chifukwa Choopa Kupempha Tchuthi

Inu owerenga, ndine bambo wa mwana mmodzi, ndipo ndikuvomera poyera kuti pa nthawi imene mwanayo ankabadwa ine kunalibe. Palibe anandiletsa. Ndinadziletsa ndekha chifukwa cha mantha ndi kusafunsa.

Ine ndi mkazi wanga tinkakhala ku Indianapolis, chakufupi ndi Lafayette Road, m'nyumba imodzi ndi mkulu wake, alamu anga. Nditamaliza kosi yotsuka ndi kulongedza zipangizo za opaleshoni, ndinaapulaya m'malo ambiri mpaka chipatala china cha ku South Bend chinandilemba ntchito. Tsiku limenelo tinavina pabalaza ngati ana. Mkazi wanga anali woyembekezera, ndiye tinagwirizana kuti atsale ndi mkulu wake mpaka atachira, ine ndizibwera Loweruka lililonse.

Lamulungu lomaliza ndisanasamuke, bambo wina wa kutchalitchi kwathu, amene wakhala ku America kuno zaka zambiri, anandikokera pambali. Anandiuza kuti miyezi itatu yoyamba pantchito munthu sadwala, sapempha tchuthi, ndipo satchula n'komwe za kunyumba. "Mukangoimba foni kuti simubwera, basi achimwene, akufayani, ntchito yathera pomwepo," anatero.

Ndinawakhulupirira ndi mtima wonse. Tsiku loyamba kuntchito anatipatsa kabuku ka malamulo, ndipo mayi wa ku ofesi yoona za antchito anafunsa ngati pali amene ali ndi funso. Ine funso ndinali nalo, koma ndinangomwetulira. Kabukuko ndinakaponya kumbuyo kwa galimoto osakatsegula. Tsiku limene adokotala anatipatsa loti mwana adzabadwe linkagwa miyezi itatuyo itangokwana kumene, choncho ndinaona kuti zonse zili m'malo mwake. Ngakhale supavaiza wathu sindinawauze kuti kunyumba tikuyembekezera mwana.

Koma mwanayo sanadikire tsiku la adokotala. Kutatsala masabata awiri kuti miyezi itatu ikwane, Lachiwiri lina m'mawa, ndinatuluka pa buleki ya teni koloko n'kukatsegula lokala yanga, poti mafoni sitilowa nawo m'chipinda chogwirira ntchito. Ndinapeza alamu anga aimba kasanu ndi kawiri. Nditawaimbira anati matenda ayamba, ali kale kuchipatala, ndinyamuke pompo.

Inu owerenga, apa ndi pamene ndinalakwitsa kwambiri. Ndinawayankha kuti ndibwera ndikaweruka nthawi ya fili koloko. Mkazi wanga analanda foniyo. Ndinayamba kumufotokozera za miyezi itatu ija, kuti ntchito ikatha mwanayo tidzamudyetsa chiyani. Iye anangoti, "Ndamva," n'kudula.

Ndinabwerera kukagwira ntchito, koma manja okha ndi amene anali ku South Bend. Kawiri konse ndinalongedza masizasi m'thireyi yolakwika, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo. Nthawi itangopitirira wani koloko, supavaiza wathu, mayi wachikulire wachikuda amene sakonda zoseka pantchito, anandiitanira ku ofesi kwawo. Ndinkayenda ndikudziwa kuti ntchito yatha. Atandifunsa chavuta n'chiyani, ndinaona kuti chobisira palibenso, ndinaulula zonse.

Mayiwo anavula magalasi n'kundiyang'ana. Anandifunsa kuti foniyo ndinailandira nthawi yanji. Nditati teni koloko, anaimirira n'kumenya tebulo. "Ndiye pano mukutani?" anandifunsa m'Chingerezi.

Anandifotokozera mothamanga kuti pamalo pathupo masiku a tchuthi cha matenda munthu amayamba kuwagwiritsa ntchito akangokwanitsa mwezi umodzi, ndipo amagwiranso ntchito mkazi kapena mwana wako akadwala. Masiku opuma pa zifukwa zako zina ndi amene amadikira miyezi itatu. Anawonjezera kuti ngakhale ndikanakhala wopanda tsiku n'limodzi lomwe, akanandimasulabe. Anandiperekeza okha mpaka pakhomo, akundikalipira uku akuseka.

Kuchoka ku South Bend kukafika ku Indianapolis ndi ulendo wa maola awiri ndi theka. Ndinkapemphera mokweza m'galimoto, minda ya chimanga ikudutsa uku ndi uku. Ndili chakufupi ndi tauni ya Kokomo foni inalira, ndinaima pambali pa msewu. Sindinamve mawu poyamba, ndinangomva nthungululu za alamu anga, ndi nesi akuwachonderera kuti achepetse phokoso. Kenako alamuwo anakuwa kuti mkazi wanga wachira bwinobwino, mphatso ndi mwana wamkazi. Ndinatuluka m'galimoto n'kuyamba kudumpha pa udzu, misozi ili chuchuchu, kwinaku ndikuseka. Oyendetsa mathiraki ankangondiyang'ana. Ndikananyamuka teni koloko, ndikanafika kutatsala maola awiri athunthu kuti mwanayo abadwe.

Nditalowa m'chipinda cha kuchipatala ndinagwada pafupi ndi bedi kuti ndipepese. Mkazi wanga anandigwira mutu n'kundiuza kuti ndidzuke ndione mphuno yanga pankhope ya munthu wina. Anandiika mwanayo m'manja. Anali wamng'ono, wofunda, ndipo anayasamula ngati watopa ndi kundidikira. Tinamutcha Takondwa. Alamu anga kuyambira tsiku limenelo amanditchula kuti bambo a pa Kokomo, ndipo dzinali lafalikira tchalitchi chonse.

Ndinakhala ndi banja langa mpaka Lamulungu. Pobwerera kuntchito ndinapeza anzanga andisungira khadi ndi bokosi lalikulu la matewera. Bambo wa kutchalitchi uja atabwera kudzaona mwana ndinawasimbira zonse, ndipo anagwira pakamwa. Sanandinamize mwadala. Kufakitale kumene iwo ankagwira kale zinalidi choncho. Cholakwa changa chinali kutenga lamulo la malo ena n'kudzimanga nalo pamalo panga.

Lero tonse tili ku South Bend. Takondwa ali ndi zaka ziwiri, ndikamufunsa m'Chichewa amandiyankha m'Chingerezi chake chosamveka, ndipo nyumba yathu siitha kuseka. Ntchito ndikadali pomwepo.

Koma abale anga, makamaka inu amene mwangoyamba ntchito kunja kuno, musachite zimene ndinachita ine. Malo aliwonse ali ndi malamulo ake a tchuthi. Ena amadikiritsadi miyezi itatu, ena mwezi umodzi, ena ayi. Sabata yoyamba yomweyo funsani ku ofesi kuti tchuthi cha matenda chimayamba liti, cha zifukwa zina chimayamba liti, ndipo ngati chimakhudza a m'banja mwanu. Ngati kunyumba kuli woyembekezera kapena wodwala, auzeni akuluakulu anu nthawi ikadalipo. Munthu sachotsedwa ntchito chifukwa chofunsa.

Mkazi wanga anandikhululukira tsiku lomwelo, ndipo nkhaniyi timaiseka. Koma patapita miyezi anandiuza chinthu chimodzi chimene sindichiseka. Anati tsiku lija, chitseko cha chipindacho chikangotseguka, iye ankadzutsa mutu kuyang'ana ngati ndine.