Magalasi a Amalume Kuseri kwa Sukulu

Amalume anga anagwira ntchito zaka zambiri ndi anthu oyeza malo. Iwo ankakwera phiri atanyamula galasi, n'kumathwanimitsa dzuwa kuti anzawo amene ali pa phiri lina ku Dowa adziwe pamene aima. Atapuma pantchito anabwerera kwathu kufupi ndi Kasakula, pamene ine ndinali nditangoyamba kuphunzitsa.

Tsiku lina m'chilimwe anandipeza ndikuchonga makope pakhonde.

"Aphunzitsi," ankandiitana choncho ngakhale ndinali mwana wa mlongo wawo, "galasi limodzi limafunditsa tsaya. Nanga atakhala makumi atatu, onse n'kuloza pamodzi?"

Ndinati sindikudziwa.

"Inenso. Tiyeni tikaone."

Anatolera zidutswa za magalasi kwa ometa tsitsi, ndipo mwini sitolo wina anawapatsa galasi lalikulu losweka. Chidutswa chilichonse anachimangirira pa kathabwa, kathabwako pa chikhomo, zikhomozo m'mizere pa kamtunda kuseri kwa sukulu. Kutsogolo anazika mlongoti wa bulugama, n'kupachikapo ketulo yakuda ndi mwaye. Kumbuyo kwa ketuloyo anakhoma thabwa lopaka laimu.

Tsiku loyamba zinakanika. Kuwala kunabalalika, kwina pa mtengo wa masuku, kwina m'maso mwa mbuzi. Madzi anangofunda.

"Galasi lililonse likunama pang'ono," anatero amalume. "Tilifunse lililonse palokha."

Tinaphimba onse ndi masamba a nthochi. Ine ndinakwera pa mgolo ndi khala m'manja, iwo n'kumavundukula limodzilimodzi. Pamene kuwala kwagwera pa thabwa ndinkalembapo, kenako n'kuyeza ndi zala kuchokera pa ketulo.

"Zala zinayi kumanzere, ziwiri pansi!"

Amalume ankalowetsa kamtengo ka machesi pansi pa mphepete mwa galasi. Ndinadabwa kuona kuti kamtengo kochepa chonchija kakusuntha kuwala chikhatho chathunthu, ndipo pa magalasi akutali kuposa apo. Kenako tinazindikira vuto lina. Pofika pa galasi lomaliza, loyamba lija linali litachoka kale pamalo, chifukwa dzuwa siliima. Ndinali nditaphunzitsa ana zimenezi kangapo, koma ndinali ndisanazionepo zikuyenda pa thabwa pamaso panga.

Amalume anazika ndodo n'kuika mwala pambali pake. Kuyambira pamenepo tinkakonza magalasi pokhapokha mthunzi wa ndodoyo ukakhudza mwala, anayi kapena asanu patsiku, nthawi yopuma kusukulu.

Titamaliza, tsiku lotsatira kunabwera wapampando wa chipani wa m'dera lathu ndi anthu awiri. Anati wamva kuti pali wina amene akutumiza zizindikiro kutsidya kwa mapiri. Masiku amenewo mawu otere ankatha kumufikitsa munthu kundende ya ku Dzaleka.

Amalume anavula chipewa, n'kuonetsa khadi lawo la chipani.

"Apampando, chonde dikirani pang'ono mthunzi ufike pamwala. Mukaona, muweruze nokha."

Tinadikira. Mthunzi utafika, tinachotsa masamba onse mothamanga. Ketulo yakuda ija inasanduka yoyera mbee, yosapenyeka. Ndinamva kutentha kumaso ngati ndayandikira ng'anjo, koma panalibe nkhuni, panalibe utsi, magalasi ali duu m'mizere yawo.

Apampando sanakhulupirire. Anatola makoko a chimanga, anawabaya pa nsungwi n'kuwakweza pafupi ndi ketulo. Makokowo anada, anafuka, kenako lawi! Anataya nsungwi n'kubwerera m'mbuyo.

"Moto umenewu wachokera kuti?" anafunsa chapansipansi.

"Ndi womwe uja umatiwotcha pamsana kumunda," anayankha amalume. "Ife tangousonkhanitsa."

Amalume ankakoka ketulo ndi chingwe pang'onopang'ono kutsatira kuwala. Posakhalitsa chivundikiro chinayamba kugwedera, nthunzi n'kutuluka kukamwa kwa ketulo. Mmodzi wa anthu aja anagwira pakamwa. Ine misozi inalengeza, kaya chifukwa cha kuwala, kaya chifukwa china.

Za zizindikiro sizinatchulidwenso. Madzi anali okwana makapu awiri okha, ndiye tiyi tinamwa mopatsirana anthu asanu, titakhala pa udzu. Apampando ananunkhiza kapu nthawi yaitali asanamwe, n'kunena kuti chibadwire sanamwepo tiyi wosamveka utsi.